Atsibweni a Saulosi ndi Kansalu ka Chipolopolo

Chaka chakwana tsopano chimwalirireni atsibweni anga a Saulosi Mwale, mlongo wawo wa mayi anga. Anatisiya nyengo yachisanu kumudzi kwathu, kuseri kwa Chiputo, ndipo uthenga unandipeza ku Fingoe kumene ndimagulitsa tomato ndi kapenta pamsika. Pomwe ndinkafika pa mota, njinga yamoto yonyamula anthu, n'kuti atawasambitsa kale. Manda anakumba amuna a imvi, akupumira pa makasu, chifukwa anyamata onse ali kugarimpo, kumaenje a golide. Mkulu wa mpingo polalikira anati malemuwa anali mlenje wamkulu, anthu n'kuvomera ndi mitu. Koma ine ndinkadziwa kuti akanakhala kuti akumva akanadzuka n'kutsutsa. Dzina la mlenje ankalikana. Ankati mlenje amatsata nyama kuthengo, pamene iwo nyama ndiyo inkawatsata kumunda.

Anali munthu wamfupi, wa phewa lamanja lotsikirapo, ndipo khutu la mbali yomweyo linagontha kalekale ndi kulira kwa mfuti. Ukamalankhula nawo ankakutembenuzira tsaya lamanzere ngati munthu wokwiya. Koma chimene aliyense amawakumbukira nacho ndi kutsina nsalu. Akamakupatsa moni, dzanja lina linkapita lokha kumphepete kwa malaya ako, n'kumaifikisa nsaluyo pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, maso ali kumwamba. Anthu achilendo ankadabwa, ena kuganiza kuti nkhalambayi ili ndi mankhwala. Tsiku lina abusa anabwera kuchokera ku Malowera atavala malaya oyera okongola. Mapemphero atatha, atsibweni anawagwira dzanja, n'kuwatsina mkono wa malayawo nthawi yaitali.

"Abusa, malaya awa akadzatha musadzataye."

"Mukuwafuna kuti mudzavale, bambo Mwale?"

"Iyayi. Ndi thonje lenileni ili. Ndidzang'ambe."

Akazi awo, aNabanda, anathawira kuseri kwa tchalitchi ndi manyazi. Madzulo ake kunali mkangano umene mudzi wonse unaumva. Koma patapita miyezi malayawo anabweradi, atakulungidwa m'pepala, kolala itadyeka.

Kapulana, kapena kuti chitenje, wa akazi a eni ake sankamukhudza, ankadziwa ulemu. Ankatuma aNabanda kapena ine kuti tikapemphe kaulusi kamodzi ka m'mphepete. Kaulusiko ankakaika pa khala la moto. Ka thonje kankapsa bwinobwino n'kusiya phulusa lofewa. Ka nailoni kankakhwinyata, kusanduka kambulu kolimba konunkha pulasitiki, ndipo atsibweni ankalavula pansi ngati wina wawatukwana.

Zonsezi chinali chifukwa cha mfuti yawo ya gogodela, ija yothira onga kukamwa n'kutsindira ndi ndodo. Anailandira kwa atsibweni awo, amene anaipeza nthawi ya Apwitikizi. Inabwera pamodzi ndi chikombole chachitsulo chonga mbaniro, chothiramo mtovu wosungunula, chimene chinkatulutsa zipolopolo zofanana ndendende, zoyenerana ndi mimba ya mfutiyo. Nkhondo itafika kwathu ine ndinali wamng'ono. Tisanathawire ku Zambia, atsibweni anaipaka mfutiyo mafuta a nsatsi, kuikulunga m'chikopa cha mbuzi, n'kukaibisa m'mng'alu wa thanthwe kuphiri. Chikombole anachiika m'thumba poganiza kuti n'chaching'ono, chingasowe m'mng'alumo. Thumbalo linapita ndi madzi tikuwoloka mtsinje, pamodzi ndi mbale zathu ndi bulangete la mayi. Mayi ankanena kuti mlongo wawo sanalire nyumba imene inatenthedwa, kapena ng'ombe zimene zinatengedwa, koma kachitsulo kameneko anakadandaula zaka zonse za ku Zambia.

Titabwerera, minda inali itasanduka thengo ndipo nguluwe zinali zitaswana mosawerengeka. Mfuti anaipeza ili momwemo, koma dzimbiri linali litadya m'kati, mimba yake itakulirapo pang'ono. Popanda chikombole anayamba kupanga zipolopolo ndi manja. Ankasungunula mtovu wa m'mabatire akale a galimoto, kuuthira m'timaenje ta m'dothi louma, kenako kumapsinja ndi kugubuduza kachidutswa kalikonse pakati pa makasu awiri akutha mpaka kabulungike. Panalibe ziwiri zofanana. Ndiye chifukwa chake chipolopolo chilichonse chinkafuna nsalu yakeyake.

Ndinawaonerera kambirimbiri akuchita zimenezi pakhonde, moti ndikatsinzina ndimaona dongosolo lake lonse. Akathira onga, ankatenga chipolopolo chopanda nsalu n'kuchiyesa kukamwa kwa mfuti, atachigwira ndi zala kuti chisagwere. Chikakana kulowa n'kukhala pamwamba ankachibweza kuti akachigubuduzenso. Chikalowa momasuka kwambiri, chogwedera, ankachifunira nsalu yochindikala, ya buluku lakale la kaki. Chikalowa mothina pang'ono ankachifunira yopyapyala, ya kapulana wochapidwa kambiri. Kansaluko ankakanyowetsa ndi mafuta a nsatsi, kukayala kukamwa, kuika chipolopolo pakati, kukanikiza ndi chala chachikulu mpaka chimire, n'kudula zotsala ndi mpeni. Kenako ndodo. Apa ndiye ankatembenuza khutu labwino lija. Ankati chipolopolo chizitsika chikudandaula, osati chikuseka. Chotsika mosavuta chimatulukanso chopanda mphamvu, chifukwa moto umadutsa m'mbali n'kuchisiya m'mbuyo. Chothina kwambiri chimatsakamira panjira osafika pa onga, ndipo chotero chimang'amba mfuti m'manja mwa mwini wake. Pa ndodoyo anatemapo chizindikiro chowauza kuti chafika pansi.

Akawombera, kaya agwetsa nyama kaya aphonya, sankathamangira nyamayo. Anzawo akamasenda, iwo ankakhala akuweramawerama pa udzu kufunafuna kansalu kaja, pakuti kamagwera pafupi, kutsogolo kwa wowombera. Akakapeza ankakatambasula pachikhatho n'kumakayang'ana. Kakatuluka kathunthu, kodetsedwa pakati pokha, ankamwetulira. Kakabooka kapena kupserera m'mbali, tsiku lonse linkawaipira ngakhale nyama ili pamoto. Anthu ankawaseka nazo. Komabe zaka zimenezo minda ya mbali yathu inkakolola, ndipo amayi a m'mudzi ankawatumizira nsengwa za chimanga osawapempha.

Ulendo wanga womaliza kuwaona ali moyo, miyezi ingapo asanamwalire, ndinawapeza atakhala padzuwa okhaokha, miyendo itatupa. Maso anali atayereratu ndi ng'ala. Ndinawatengera mchere, sopo ndi juzi la pakaunjika. Anandizindikira ndi mawu.

"Ndiwe Rozina? Wabwera ndi yani?"

"Ndekha, atsibweni."

"Msewu uli bwanji?"

"Ndi womwe uja."

Ndinawaveka juzi lija, n'kukhala pambali pawo pamphasa. Ndinali nditavala kapulana watsopano, ndipo ndinadikira kuti dzanja lawo libwere, monga linkachitira chibadwire changa. Silinabwere. Manja onse awiri anali pa maondo, zikhatho zili m'mwamba. Tinakhala choncho mpaka mthunzi unatipeza. Anandifunsa mtengo wa mchere ku Fingoe, kenako anandifunsanso, ataiwala.

Kuti mumvetse chimene chinawafikitsa pamenepo ndiyenera kunena za Domingo, mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo, msuweni wanga. Anali wamtali kuposa bambo ake, wokonda kuseka, ndipo ine ankanditcha mkazi wake wamkulu monga amachitira asuweni. Kuwombera ankadziwa, koma mtima wodikira analibe. Ankakangana ndi bambo ake nthawi zonse. Iye ankafuna kuthira m'mfuti tizidutswa ta chitsulo ndi timipira ta m'njinga, monga ankachitira anyamata a midzi ina, n'kutsindira ndi pepala kapena udzu.

"Atate, anzathu akupha nyama ndi misomali. Inu tsiku lonse kumangosisita kansalu!"

"Anzako angati ali ndi zala zonse?"

"Nanga mtovuwo muupeza kuti?"

Mtovu unali utasowadi. Mabatire akale ankagulidwa ndi anthu a malole obwera kudzasonkhanitsa zitsulo, ndipo otsala anyamata ankapita nawo kugarimpo kukayatsira magetsi. Nsalu nazo zinasintha. Pamsika panadzaza akapulana owala, otsika mtengo, oterera m'manja. Atsibweni ankayenda tebulo ndi tebulo ku Fingoe akutsina, ogulitsa n'kumawakalipira kuti ngati sakugula asadetse katundu. Ankabwerera chimanjamanja. Kenako maso anayamba kuchita chifunga. Poyamba ankabisa, mpaka tsiku lina anawombera chitsa chakuda poyesa nguluwe. Kuyambira pamenepo anagwirizana ndi mwana wawo kuti Domingo aziwombera, koma kuthira mfuti kukhale kwa iwo. Ankati maso apita koma zala zikadaona.

Domingo anapitako kugarimpo nyengo ziwiri, n'kubwerako ndi chifuwa komanso wailesi yosalira. Chaka chimene ndikunenachi anali atabwerera kumunda, ali ndi mkazi wake Luiza ndi ana aang'ono. Mvula inagwa yambiri, chimanga chinabereka bwino koyamba patapita zaka zanjala, ndipo nguluwe zinabwera chitangoyamba kukhwima. Munda wa aNasimango, mayi wamasiye woyandikana nafe, zinaugwetsa wonse. Zinalowanso wa Domingo. Ine ndinali kumudzi masiku amenewo kudwazika mayi anga.

M'mawa wina dzuwa litakwera, agalu anaitsekereza nguluwe yaimuna m'bango la kukamtsinje, kumunsi kwa minda. Amuna anaizungulira ndi mikondo akukuwa. Domingo anafika kunyumba akuthamanga, matope mpaka m'maondo.

"Atate, mfuti! Ndi chija chachikulu chija!"

Ndinali pabwalo pomwepo ndikupeta mapira. Atsibweni anatulutsa mfuti n'kukhala pakhonde. Zipolopolo zimene zinatsala zinali zochepa, zopangidwa ndi mtovu wa maukonde umene wina anawabweretsera kuchokera ku Zambezi, ndipo zonse zinali zocheperapo. Nsalu ya kaki inali itatha kalekale. Imene anali nayo inali chidutswa cha kapulana wakale wa aNabanda, amene anamuyesa pamoto masiku apitawo n'kuona kuti ulusi wake ukusiya phulusa. Anathira onga, anayesa chipolopolo, anachibweza, anayesa china. Agalu ankamveka kuuwa kumunsi. Anayala kansalu, kukanikiza, kudula. Ataika ndodo, inatsika yokha, tsereree, mpaka pa chizindikiro.

Ndinaona dzanja lawo litaima. Domingo nayenso anaona.

"Atate, chatsika msanga."

"Ndamva."

"Tichotse? Tipinde nsaluyo pawiri?"

Kuchotsa chipolopolo chimene chafika pansi ndi ntchito yaitali, yochikola ndi kachitsulo kopota n'kumachikoka pang'onopang'ono. Nthawi yomweyo kumtsinje galu mmodzi analira kulira kwa galu wong'ambidwa, ndipo wina anakuwa kuti nyama ikufuna kuboola. Atsibweni anagogoda ndodo kawiri, n'kuitulutsa. Anampatsa mfuti mwana wawo.

"Chakhala pa onga. Koma usawombere patali. Uyandikire."

Domingo anandiponyera nthabwala akudutsa, yoti ndiyambe kunola mpeni, n'kutsika kumunda akuthamanga.

Mfuti imeneyo tonse tinkaidziwa kulira kwake. Inkagunda pachifuwa ngakhale uli kutali, mapiri n'kuyankha. Tsiku limenelo inangoti fuu, ngati munthu wagwetsa thumba la ufa. Atsibweni anaimirira anthu asanayambe n'komwe kukuwa.

"Moto wadutsa m'mbali," anatero, osauza aliyense.

Domingo anamvera bambo ake, anayandikira kwambiri. Chipolopolo chinamenya paphewa pa nguluwe, pamene chikopa chimakhala chochindikala, koma sichinalowe. Nyamayo inatuluka m'bango molunjika pa utsi, inamugwetsa, n'kumung'amba ndi mano ake m'kati mwa ntchafu. Amuna aja anaibaya mpaka kuipha, koma magazi a Domingo ankatumphuka ngati madzi a pampope. Anam'manga ndi malaya, ndi luzi, ndi mpango wa Luiza. Anamuika pa machira a mitengo n'kuyamba ulendo wa kuchipatala cha ku Chiputo. Ine ndinatsatira pamodzi ndi aNabanda. Foni kwathu sigwira pokhapokha utakwera phiri, ndipo ngakhale ikanagwira, mota sikanadutsa, pakuti mitsinje yonse inali yodzaza. Wina tinawoloka madzi ali m'chiuno, machira atanyamulidwa pamitu. Pa wachiwiri tinapeza madzi akuthamanga ndi mitengo yozuka. Tinakhala pagombe kudikira kuti aphwe. Domingo anapempha madzi akumwa, anafunsa ngati nguluwe yafa, titamuuza kuti yafa anati chimanga chotsalacho ana adya. Anamwalira pomwepo dzuwa likupendeka, mutu uli pamiyendo ya mayi ake.

Nyama ija anthu anagawana, chifukwa kunali njala ya ndiwo, koma kubanja kwathu sinalowe. Atsibweni anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti osenda awapezere chipolopolo. Anachipeza m'mafuta, pansi pa chikopa penipeni, chisanaphwanyike n'komwe. Anachigubuduza m'zala tsiku lonse la maliro, osalira.

Titaika maliro, m'mawa mwake anandiitana.

"Rozina, maso ako ndi abwino. Unditengere kubango."

Ndinawatsogolera ndi ndodo mpaka pamalo pamene Domingo anaima. Udzu unali wopondedwapondedwa, matope okhaokha. Anagwada n'kuyamba kupapasa.

"Atsibweni, mukufuna chiyani?"

"Kansalu."

"Kakuthandizani chiyani tsopano?"

Anandifotokozera modekha, ngati akuphunzitsa mwana. Kakapezeka kosungunuka m'mbali, ndiye kuti kapulana uja anali wosakaniza ndi nailoni, anawanamiza pamoto. Kakapezeka kathunthu, ndiye kuti nsalu inalibe mlandu, chipolopolo ndicho chinachepa, ndipo zala zawo ndizo zinanama. Ndinawauza kuti zonsezo sizidzutsa munthu. Anati akudziwa, koma akadzakumana naye Domingo adzawafunsa, ndipo sangapite opanda yankho.

Tinafuna tsiku limenelo mpaka maondo anga anasupuka. Tinabwereranso mawa lake. Kenako ine ndinakana, chifukwa mayi anga ankandifuna, ndipo iwo anayamba kupita okha, akupapasa njira ndi ndodo. Amayi opita kukatunga madzi ankawapeza akukwawa m'bango, akutola tsamba lililonse lowola n'kulifikisa m'zala. Usiku wina kunagwa chimvula, kamtsinje kanasefukira n'kukokolola malo onsewo, kusiya mchenga woyera. Anapitabe kangapo, kumafukula mchengawo ndi manja, kenako analeka.

Ndi aNabanda anakhala m'banja zaka zambirimbiri akukangana tsiku ndi tsiku, za fodya, za mbuzi, za nsalu zimene ankawang'ambira osapempha, koma inali mikangano yothera m'mbale imodzi. Umene unawalekanitsa unali wa mawu ochepa. Ndinaumva ndili kukhitchini. Atsibweni anafunsa, mwina kakhumi, kumene kapulana uja anagulidwa ndiponso ngati wogulitsa ananenadi kuti ndi thonje.

"AMwale, mundisiye," anatero aNabanda. "Nsalu munatsina ndinu. Ulusi munaotcha ndinu."

"Ndikungofunsa, Nabanda."

"Simukufunsa. Mukufuna kuti ndinyamuleko. Ndodo inatsika inu mukumva. Mwana anakufunsani kuti tichotse. Rozina analipo. Munati chiyani?"

ANabanda anadziyankha okha.

"Munati ayandikire. Mwana wanga munamuuza kuti ayandikire."

Kuyambira tsiku limenelo aNabanda ankawaphikira n'kuwaikira chakudya pakhomo, iwo n'kukadyera kwa Luiza. Mvula itatha anamanga katundu wawo n'kubwerera kwawo ku Malowera, kumene atsibweni anawatenga pachitengwa ali mtsikana. Akuluakulu a mbali zonse anayesa kukambirana, koma aNabanda anati sakuwada amuna awo, kungoti sangathe kumaona manja amenewo m'mawa uliwonse. Luiza naye anatenga ana n'kupita kwa makolo ake. Pamaliro a atsibweni aNabanda sanabwere. Anatumiza nkhuku ndi uthenga woti miyendo siikuwalola, ndipo mwina zinali zoona.

Chaka chotsatira nguluwe zinabweranso, pakuti imene inafa inali imodzi yokha. Mchimwene wanga Fernando, amene mwa mwambo ndiye anayenera kulandira mfutiyo, anapita kukaipempha. Anamukaniza. Anapita amuna a m'mudzi pamodzi ndi sekeretariyo, mtsogoleri woikidwa ndi boma, n'kukhala pabwalo mwaulemu.

"AMwale, zimene zinachitika ndi ngozi. Palibe akukuimbani mlandu. Koma taonani minda. Ngati simukufuna kuthira nokha, phunzitsani Fernando."

"Ndimphunzitse ndi chiyani? Mtovu uli kuti? Thonje lili kuti?"

"Anthu akuthira zitsulo."

"Ndiye mukufuna ndikumbitse manda ena."

Anawauza kuti abwere mawa. Atapita, atsibweni anakoleza moto, n'kusungunula mtovu wonse umene unatsala, pamodzi ndi chipolopolo chija chinachokera paphewa pa nguluwe. Anaumba chimodzi chachikulu, choposa kukamwa kwa mfuti. Mayi anga, amene anali atachira, anamva kugogoda n'kupita kukaona. Anapeza mlongo wawo ataimika mfuti pakati pa miyendo, yopanda onga, akukhomera chipolopolocho m'kati ndi chitsulo cha ekiselo ya ngolo ndi mwala, thukuta lili kamukamu. Anachikhoma mpaka chinafika pakati pa mimba n'kukanirira, chosapita pansi, chosabwerera. Amuna aja atabwera m'mawa anawaikira mfutiyo pamphasa.

Fernando analowetsa ndodo, inaima panjira. Anayesa kachitsulo kokokera, kanathyoka.

"Mwatipha, aMwale," anatero sekeretariyo.

"Mwina," anayankha. "Koma si ndi dzanja langa."

Anthu anawakwiyira, ndipo sindinganene kuti analakwa kukwiya. Chaka chimenecho mabanja ambiri sanakolole. Amuna ankagona m'zilindo akuimba zitini, nguluwe n'kuzolowera zitinizo. Kenako kunadutsa njovu, zimene ngakhale gogodela sakanaziletsa. Anthu a boma anabwera, anaona, analemba, anawombera m'mwamba, n'kubwerera mvula isanatseke msewu. Nsengwa zija zinaleka kubwera pakhomo pa atsibweni. Ena ankati nkhalambayo yapenga, ena ankati ndi kuuma mtima, kufuna kuti aliyense alire monga iwo. Mayi anga okha ndiwo ankawapatsa chakudya, mpaka nawo anamwalira. Fernando anagulitsa mbuzi zake n'kupita kugarimpo, ndipo ndamva kuti tsopano ali kutsidya kwa malire. Mfuti ija anagula anthu a zitsulo, poyeza pa sikelo limodzi ndi miphika yobooka.

Ine mpaka lero sindidziwa ngati unali mlandu wa nsalu kapena wa zala. Nthawi zina ndimaganiza kuti ngakhale akanapinda kansaluko pawiri, mtsinje uja ukanadzazabe tsiku lina, ndi munthu wina pa machira. Koma zimenezi sindinawauze, pakuti sakanazilandira.

Sabata yatha ndinapita kumudzi kukalambula pamanda. Wa mota ananditsitsa patali, akuti njira yatsekeka, ndipo ndinayenda ndikupatula udzu wofika m'mapewa. Pa nyumba zonse za mbali yathu, utsi unkatuluka pa imodzi yokha, ya aNasimango, amene anandigwira mkono n'kundifunsa ngati ku Fingoe kungapezeke kachipinda ka munthu wokalamba wodziwa kusinja. Nyumba ya atsibweni denga linagwera m'kati. Chitseko wina anachizula n'kupita nacho, mafelemu a mawindo chimodzimodzi. Nkhokwe inapendekeka, chiswe chadya miyendo yake, ndipo m'kati mwamera chitedze. Mpapaya wa kuseri wabereka kwambiri chaka chino, zipatso zikungogwa n'kuwolera pansi, mavu ali ng'waa. Ndinatsikira kuminda. Mizere ikuonekabe pansi pa udzu ukayang'anitsitsa, koma mitengo ya mitsamba yamera pakati pake, ina yondipitirira kale msinkhu. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu kumvetsera ngati kungamveke khasu, tambala kapena mwana. Kenako ndinabwerera kumsewu, kuopa kuti wa mota angatope n'kundisiya.